Nsomba za pa Thanthwe Limodzi: Mbiri ya Malonda a Mbuna

M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta m'nyumba ku Berlin, ku Chicago ngakhalenso ku Johannesburg mumapezeka kansomba kena kotalika masentimita 8 kapena 9 basi. Kakakazi n'kachikasu chowala, kakamuna n'kabuluu ka mizere yakuda, ndipo pagalasi la thanki amalembapo kuti saulosi. Ogula ambiri sadziwa kuti limeneli ndi dzina la munthu, Saulos Mwale, Mmalawi amene ntchito yake inali yolowa pansi pa nyanja kukagwira nsomba zamoyo. Katswiri wa nsomba Ad Konings ndiye anatcha kansombako dzinali mu 1990 pomulemekeza. Kwawo kwa kansombaka n'kumodzi kokha pa dziko lonse lapansi: thanthwe lomira m'madzi lotchedwa Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu, m'nyanja ya Malawi.

Anthu a dzina la Mwale ali mbwee kuno ku Zambia, ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, koma anthu a maboma amenewa nyanja ya Malawi amaidziwira m'mbale, pa usipa wouma umene umawoloka malire pa Mwami. Wonyamuka pa Katete mmamawa, n'kudzera ku Chipata, Mchinji ndi Lilongwe, dzuwa limamulowera ali pa mchenga wa ku Senga Bay. Kumeneko, kwa zaka zoposa 50, kwakhala kukuchitika malonda ena a nsomba omwe alibe thandala, alibe utsi, alibe mchere. Nsomba yake ikafa ndiye kuti ndalama yatayika. Mbiri ya malonda amenewa ndi mbiri ya funso limodzi lomwe likuwakhudzanso alimi a madamu a nsomba kumtunda kuno: kodi nsomba iyi ingakhale ndi iti, ndipo m'madzi ati?

Asodzi a m'mbali mwa nyanja analibe nazo ntchito kwenikweni nsomba za m'miyala. Khoka silikokeka pa matanthwe, ndipo tinsomba take n'tating'ono, toti ana n'kumawedza ndi mbedza masana. Atonga a ku Nkhata Bay ankazitcha mbuna. Azungu oyamba nawonso maso awo anali pa nsomba zodya. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anatumiza ku London zikopa zouma za nsomba za m'nyanjayi, ndipo Albert Günther anazilemba m'mabuku a sayansi mu 1864. Mu 1935 Ethelwynn Trewavas anasanthula nsomba zambirimbiri zimene Cuthbert Christy anatolera zaka khumi m'mbuyomo. Koma nsomba ya m'botolo la mankhwala imasuluka, ndiye kukongola kwake kunali kusanadziwike kunja.

Amene anatsegula maso a dziko ndi Geoffrey Fryer, mnyamata wa ku England amene anakhala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 akuyang'anitsitsa zimene zimachitika pa gombe la miyala. Zimene anasindikiza mu 1959 zinadabwitsa anzake. Pa thanthwe limodzi pankadyera mitundu yambiri ya mbuna, pafupifupi yonse ikudalira ndere zomera pamwala ndi tizilombo tobisala m'menemo, koma uliwonse ndi kadyedwe kakekake. Wina amapesa ndere ndi mano onga chipeso, wina amazula, wina amatola tizilombo m'ming'alu ndi kamlomo kosongoka. Mtundu wotchedwa Labeotropheus uli ndi mphuno yonenepa ndi kamwa loyang'ana pansi, moti umapala mwala thupi lili chogona, mafunde osausuntha. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake anaonanso kuti mbuna siwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Imabadwira pa thanthwe, mayi wake amaisunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, n'kuilavulira pa thanthwe lomwelo. Ndiye chifukwa chake chilumba chilichonse, nthawi zina mulu uliwonse wa miyala, uli ndi mbuna za mtundu kapena maonekedwe osapezeka kwina.

Malonda anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene ndege zothamanga ndi matumba apulasitiki othiramo mpweya wa okosijeni zinachititsa kuti nsomba ifike ku Ulaya ili moyo. Imodzi mwa zoyamba kutchuka inali Melanochromis auratus, ya mizere yagolide ndi yakuda. Anthu ozolowera kuti mitundu yowala chotere ndi ya nsomba za m'nyanja zamchere sanakhulupirire kuti iyi ndi ya madzi akumwa. Peter Davies ndi mkazi wake Henny anali m'gulu la oyamba kutumiza nsomba kunja, ndipo maina awo anatsalira pa mitundu iwiri ya nsomba imene inalembedwa mu 1973. Cha m'nthawi yomweyo Stuart Grant anayamba ntchito yake, imene inadzakhazikika pa Kambiri Point kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima, ndipo anaigwira mpaka imfa yake mu 2007.

Ntchito yeniyeni inali m'manja mwa Amalawi onga Saulos Mwale, ndipo siinali yamasewera. Munthu amalowa pansi akupuma mpweya wochokera ku makina a m'boti kudzera m'paipi yaitali. Amatchera kaukonde pakati pa miyala, n'kumakusira nsomba imodziimodzi, kusankha yokhayo imene wogula wa ku Germany kapena ku America waitanitsa. Nsomba ya pansi kwambiri siikwezedwa tsiku lomwelo, chifukwa kathumba kake ka mpweya kamafufuma n'kuipha. Amaiika mu mgolo womangidwa pa chingwe ndipo mgolowo amaukweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Ikafika kumtunda imakhala m'mathanki osadya kanthu kwa kanthawi kuti isakaipitse madzi a m'thumba pa ulendo, kenako imalongedzwa m'mabokosi osunga kutentha, ulendo wa ku bwalo la ndege. Anthu amenewa ankadziwa thanthwe lililonse ndi nsomba zake asayansi asanafikeko, ndipo m'mabuku ambiri okongola a nsomba za m'nyanja ya Malawi muli nzeru zawo ngakhale maina awo amaoneka mwa apo ndi apo.

Kutsidya kwa nyanja zamchere, oweta oyamba anaphunzira ndi misozi. Anathira mbuna m'mathanki momwe munali kale tinsomba tofatsa ta ku South America, ndipo m'mawa mwake ankapeza zipsepse zothethekatheka. Mbuna yaimuna imalonda phanga lake usana wonse ndipo siidziwa kugonja. Anazipatsa chakudya chonona cha nyama, pamene matumbo ake aatali anazolowera ndere, ndipo zinayamba kutupa mimba n'kufa ndi matenda amene mpaka lero oweta amawatchula ndi dzina la Malawi. Madzinso anali nkhani ina. A m'nyanja ya Malawi alibe asidi, ndipo pa muyeso wa pH amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Mtsinje wa Rio Negro ku Brazil, kumene kumachokera tinsomba tambiri ta m'mathanki, madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha masamba owola, ndipo pH yake imatsika kufika pansi pa 5. Thanki limodzi silingakhale zonse ziwiri.

Pa nsomba zonse za ku South America, imene inakakamira kwambiri m'mathanki a mbuna ndi pleco. Ameneyu ndi mbale wake wa mlamba, koma thupi lake n'lokutidwa ndi zikamba zolimba, ndipo kamwa lake lili kunsi, lomata pa mwala kapena pa galasi. Banja lake, Loricariidae, lili ndi mitundu yoposa 900, yonse ya ku South America ndi Central America. Ogulitsa ankamutsatsa ngati wantchito wopukuta ndere, ndipo popeza mitundu yake wamba ndi yopirira, inkakhaladi ndi moyo m'madzi a mbuna. Koma kukhala ndi moyo si kukhala bwino. Ndere zimene pleco amapala ndi chakudya cha eni thanki. Mbuna zimamujompha zipsepse ndi maso akafuna phanga lomwelo. Ndipo kamwana ka masentimita 5 kogulidwa m'sitolo kamakula mpaka masentimita 40 kapena kuposa, n'kumadetsa madzi kuposa mmene kamayeretsera galasi.

Pang'ono ndi pang'ono panabadwa kawetedwe kena, kamene eni ake amakatcha biotope: kusankha malo amodzi enieni, mtsinje wakutiwakuti kapena thanthwe lakutilakuti, n'kuwatsanzira m'thanki ndi madzi ake, miyala yake ndi nsomba zokhazo zimene zimakhalira limodzi kumeneko. Okonda pleco anayamba kufunsa kuti nsomba yawo yachokera mtsinje uti, makamaka kuyambira mu 1988 pamene magazini ya ku Germany yotchedwa DATZ inayamba kupereka manambala oyamba ndi chilembo L kwa mitundu yomwe inalibe maina. Anapeza kuti ma pleco nawonso ndi osiyana kwambiri. A mtundu wa Panaque amatafuna zikuni zomira ndipo popanda chikuni m'thanki sakhala bwino. Ena amakonda timitsinje ta m'nkhalango, momwe anzawo oyenera ndi tinsomba ta tetra tosambira pakati pa madzi ndi timilamba ta Corydoras tofufuza mumchenga, aliyense pa malo ake osalimbirana. Wotchuka kuposa onse, Hypancistrus zebra kapena L46, wa mizere yoyera ndi yakuda, amakhala m'ming'alu ya miyala m'madzi otentha ndi othamanga a mtsinje wa Xingu, sadya ndere kwenikweni, ndipo ndi wamanyazi moti mnzake wosusuka amamugoneka ndi njala. Analembedwa mu 1991, boma la Brazil linaletsa kumutumiza kunja mu 2004, kenako damu la magetsi la Belo Monte linapatutsa madzi ambiri a chigawo chokhacho chimene amakhalamo.

Woweta mbuna wofuna mlamba wa m'thanki lake sanafunikire kupita kutali chotero. Nyanja ili ndi wake, kolokolo, amene asayansi amamutcha Synodontis njassae, wa mawangamawanga ndi minga itatu imene imakola mu ukonde n'kubaya msodzi wosasamala. Masana amabisala m'miyala momwemo mwa mbuna, usiku n'kutuluka kukatola zotsala. Ubale wa nsomba za malo amodzi umafika pozama kuposa pamenepa. Mu 1982 Tony Ribbink ndi Digby Lewis analemba za mbuna yotchedwa crabro, imene imakhala m'mapanga a kampango n'kumamuchotsa nsabwe za pakhungu, kampango ali phee. Koma ikafika nthawi yoikira mazira, crabro yemweyo amadetsa thupi lake n'kuzemba kukaba mazira a kampangoyo. Ofufuza ena anaona ana a nsomba za mitundu ina atasakanikirana ndi ana a kampango m'chisa, makolo a mbali zonse akulondera. Zoterezi sizigulidwa m'sitolo; zinaumbika pa zaka zosawerengeka za kukhalira pamodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene oweta a ku Ulaya ankaphunzira kulemekeza kwawo kwa nsomba, m'nyanja mwenimwenimo lamuloli linali litathyoledwa kale ndi malonda omwewo. Pa chilumba cha Thumbi West, moyang'anana ndi Cape Maclear, munatayidwa mbuna zogwidwa kumpoto, kutali makilomita mazanamazana. Wamalonda amene akusunga nsomba za ku chilumba cha Likoma kufupi ndi bwalo la ndege amapeputsa ulendo, ndipo zotsala kapena zothawa m'makola zimangolowa m'madzi apafupi. Pamene gulu la Ribbink linasindikiza kafukufuku wake wamkulu wa magombe a miyala mu 1983, linapeza pa Thumbi West mitundu ingapo yachilendo itakhazikika. Umodzi mwa iyo, Cynotilapia afra, unayambira pa ngodya imodzi ya chilumbacho n'kufalikira. Mu 1996 Jay Stauffer ndi anzake anaonetsa kuti mlendoyu wayamba kuswana ndi mbuna ya zebra ya pomwepo. Umboni unali m'kamwa: afra ali ndi mano a nsonga imodzi, zebra a nsonga ziwiri, ndipo panapezeka nsomba za mano osokonezeka, a uku ndi uku. M'thanki, wolakwitsa amatha kuvuula nsomba ndi kaukonde n'kuyambiranso. Pa Thumbi West palibe amene angazisankhulenso.

Boma la Malawi linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, malo oyamba pa dziko lapansi otetezedwa makamaka chifukwa cha nsomba za m'madzi opanda mchere, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kusodza kunaletsedwa pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku magombe a pakiyo. Thumbi West ali m'kati mwake, pamodzi ndi alendo ake.

Phindu la malondawa nalonso silinakhalitse pa gombe. Mbuna imaswa mosavuta m'thanki, ndiye wogula akapeza yaimuna imodzi ndi zazikazi zingapo safunanso kuitanitsa ku Salima. Chitsanzo chodziwika ndi Labidochromis caeruleus. Fryer anailemba mu 1956 ili yoyera mobiriwira, koma cha m'ma 1980 kunapezeka ina yachikasu kwambiri pa Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay. Zochepa chabe zinafika m'manja mwa Pierre Brichard, wamalonda wa ku Burundi m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, amene anaziswetsa m'maiwe ake n'kuzigulitsa zambirimbiri, mpaka ogula ena ankaganiza kuti ndi nsomba ya ku Tanganyika. Lero ili m'gulu la nsomba zogulidwa kwambiri pa dziko lapansi, koma pafupifupi zonse zimabadwira m'mafamu a ku Florida, ku Asia ndi ku Ulaya. Anthu a ku Nkhata Bay salandirapo kanthu, ndipo palibe njira yabwino yonenera zimenezi.

Kuswetsa kunjaku kuli ndi ubwino umodzi wosakanika. Saulosi anagwidwa mopitirira muyeso pa Taiwanee Reef mpaka anatsala ochepa, ndipo bungwe la IUCN linamuika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Thumba la Stuart M. Grant Cichlid Conservation Fund, lokhazikitsidwa pokumbukira Grant, linathandiza kuswetsa nsombazi m'mathanki n'kukazibwezera pa thanthwe lawo lomwelo, osati pena paliponse pooneka pabwino. Thumba lomwelo linaikanso zitsulo zong'amba maukonde mozungulira zilumba za Maleri pofuna kuletsa usodzi wozembera m'paki.

Pleco naye ali ndi mbiri yake ya kutayidwa m'madzi a eni. Akakula n'kuchepekedwa thanki, mwini wake amamumvera chisoni n'kukamusiya mumtsinje. Ku Mexico, m'damu la Infiernillo, anachulukana mpaka asodzi amene ankadalira nsomba zogulitsa anayamba kuvuula maukonde odzaza zikamba ndi minga. Ku Florida amakumba mauna m'magombe mpaka dothi kugumuka. Mu Africa muno wakhazikika kale mumtsinje wa Nseleni ku KwaZulu-Natal. Madzi ofunda a chigwa cha Luangwa kapena a Shire sangamuvute.

Zambia amadziwa mbali zonse ziwiri za kusamutsa nsomba. Kapenta amene amadyedwa pa Katete lero anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuthiridwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, m'nyanja yatsopano yopangidwa ndi anthu momwe munalibe nsomba yodya pakatikati pa madzi. Anadzaza malo opanda mwini, anatsikira mpaka ku Cahora Bassa, ndipo wadyetsa mabanja osawerengeka. Nile tilapia, imene inalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980 kuti iziwetedwa m'mafamu, inapeza malo ali ndi eni. Itathawira mu Kafue inayamba kuswana ndi nsomba za mtundu wake za momwemo, ndipo mu Kariba inakankhira pambali Oreochromis mortimeri, imene kale inali yochuluka koma tsopano ili pa chiopsezo chachikulu. Zimene zinachitika pa ngodya ya Thumbi West zinachitikanso pa mitsinje yathunthu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pakhomo pa mlimi wa ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Maboma amenewa ali pamtunda pamene madzi amagawikana. Lupande amatsikira ku Msoro kukathira mu Luangwa. Kapoche amalowera kummwera, ku Mozambique, ndipo madzi ake amakathera mu Zambezi. Vubwi, amene anakhala boma payekha mu 2012 monganso Sinda, wachita malire ndi Mozambique komanso Malawi, ndipo kuseri kwa malire a ku Mchinji ndi kumene kumayambira Bua, mtsinje umene mpasa umakwera kukaswa ukachoka m'nyanja, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Kuno anthu ndi amodzi. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, Achewa a maiko atatu amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo m'masiku wamba mbewu, mbuzi ndi nkhuku zimadutsa m'tinjira ta m'malire popanda wofunsa. Chidebe cha mbewu ya nsomba chingadutsenso chimodzimodzi, pa njinga, kuchoka kwa malume kupita kwa mphwawo.

Mlimi wofuna Nile tilapia sakulakwa kuganiza: imakula msanga, ndipo damu lake ndi la ndiwo ndi fizi ya ana. Koma damu la m'dambo limasefukira mvula ya Januwale ikalimbika, ndipo nsomba imatsata madzi. Malawi salola kuweta Nile tilapia, ndipo alimi ake amalimbikitsidwa kuweta makumba ndi chilunguni, nsomba za m'madzi awo omwe, poopa kuti mlendoyo angakaswane ndi chambo, amene ndi wa banja lomwelo la Oreochromis ndipo wachepa kale m'nyanja. Lamulolo limathera pa malire, ndipo ofufuza anapeza kale Nile tilapia m'madzi a mbali ya Tanzania a chigwa cha nyanjayi, monga analengezera mu 2013. Kumadzulo kwa nyanjayi, chitetezo cha Bua chagona pa zimene alangizi a zausodzi a ku Chipata ndi a ku Mchinji angagwirizane, ndiponso pa funso limene wogula mbewu ya nsomba ku Vubwi ayenera kufunsa wogulitsa asanapereke ndalama, la mtundu wa nsombayo ndi mtsinje umene makolo ake anachokera.